Dzuwa likamalowa 3:45 masana: mmene kuyenda kunandidzutsira ku Glasgow

Ine ndinakulira ku Dedza, m'munsi mwa phiri, ndiye ndinkakhulupirira kuti kuzizira ndikukudziwa. Mu Juni ndi Julayi kwathu timadzuka udzu uli mbuu, zala zitauma, madzi a m'ndowa osagwirika. Koma ikamakwana 9 koloko dzuwa limakhala lakwera, agogo atsamira khoma la kum'mawa kuwothera, ana akusewera pabwalo milomo itang'ambika. Kuzizira kwa kwathu kumabwera ndi dzuwa lake. Zimenezi sindinaziganizirepo n'kamodzi komwe mpaka nditafika ku Scotland.

Ndinafika ku Glasgow mu Meyi 2022 kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Ana anga awiri ndinawasiya ndi amayi kumudzi. Miyezi yoyamba inandisangalatsa. Mu Juni dzuwa linkalowa 10 koloko usiku itadutsa, ndipo cha m'ma 4:30 m'mawa linkakhala likutuluka. Ndinkajambula kumwamba n'kutumiza kwathu kuti aone zodabwitsa. Anzanga a kuntchito ankangoti, "Dikira Novembala." Ine ndinkayesa akunena za chisanu, ndipo ndinkayankha kuti jekete ndagula kale.

Kuno Lamlungu lomaliza la Okutobala amabweza wotchi ndi ola limodzi. Chaka chimenecho linali pa 30. Kuchokera tsiku limenelo, isanakwane 5 koloko madzulo kunja kunkakhala kutayamba kuda, ndipo sabata iliyonse mdima unkaonjezekera kumbali zonse ziwiri, m'mawa ndi madzulo. Cha pa 21 Disembala dzuwa la ku Glasgow limatuluka cha m'ma 8:45 n'kulowa cha m'ma 3:45. Maola 7 basi. Kwathu ngakhale tsiku lalifupi kwambiri pachaka limapitirira maola 11. Komanso dzuwa la kuno m'miyezi imeneyi silikwera pamutu. Limangokwawa pamwamba pa madenga ngati la 5 koloko madzulo kwathu, lopanda ndi kutentha komwe, ndipo masiku ambiri sulionanso chifukwa cha mitambo ndi mvula ya mawawa. Amene munakhalako ku Thyolo kapena ku Mulanje, ganizani chiperoni chimene chabwera n'kukana kuchoka. Eni dziko ali ndi mawu awoawo a tsiku lotere, amati "dreich".

Shifiti yanga inkayamba 8 koloko m'mawa n'kutha 8 koloko usiku. Ndinkakwera basi kuli mdima, n'kubwerera kuli mdima. Ndikagwira masiku anayi motsatizana, ndiye kuti masiku anayi onsewo kuwala kwa tsiku ndangokuonera pawindo, manja ali pantchito.

Sichinabwere kamodzin'kamodzi. Chinayamba ndi tulo. Tsiku lopuma ndinkagona maola 11 kapena 12, n'kudzuka thupi lili lolemera ngati thumba la chimanga lonyowa. Kenako chakudya chinasintha. Ine munthu wa nsima ndi masamba ndinayamba kukhalira buledi, mabisiketi ndi tiyi wa shuga wambiri, ndipo ndikadya ndinkafunabe zina. Kutchalitchi ndinasiya. Foni ikalira, ndikuona ndithu kuti ndi ana, ndinkangoiyang'ana mpaka isiye, kenako n'kulemba kuti ndili kuntchito. Mauthenga a mawu a mwana wanga wamkazi anaunjikana osatsegula. Ichi ndiye chimandipwetekabe mpaka lero.

Tsiku lina mu Disembala ndinadziuza kuti lero lokha ndiphike nsima. Ufa ndinali nditagula kale kushopu ya zakudya za ku Africa, unali chikhalire osamasula. Ndinateleka madzi, n'kukhala pampando wa kukhitchini kudikira kuti afunde. Sindinagone, sindinagwire foni, ndinangokhala phee kuyang'ana khoma. Chinandidzidzimutsa ndi fungo la poto wopserera. Madzi onse anali ataphwa, pansi pa poto pali bii. Ndinazimitsa moto n'kuyamba kulira, osati chifukwa cha poto, koma chifukwa sindinkadziwa kuti nthawi yonseyo ndinali kuti.

Sindinauze munthu. Ndalama ya ndege tinachita kukongola, ndipo abale anasonkha. Kwathu aliyense ankadziwa kuti mwana wa uje ali kunja, zake zinayera. Ndikanayamba bwanji kudandaula? Ndinkamva kale yankho lake m'makutu: walira mvula, walira matope. Mumtima ndinkadziweruza kuti ndayamba ulesi. Masiku ena ndinkati chikhulupiriro changa chazirala. Usiku wina ndinafika poganiza kuti mwina pali wina kumudzi amene sanakondwe ndi ulendo wanga. Ndikulemba zimenezi poyera chifukwa ndikudziwa kuti si ine ndekha amene maganizo anafikako kumeneko.

Kuntchito kunali namwino wina wachikulire wochokera ku Chipata, amene wakhala ku Scotland zaka zambiri. Chinenero chinatigwirizanitsa tsiku loyamba lomwe, ndipo ndimawatchula kuti achemwali. Tsiku lina anandipeza m'chipinda chosungira zofunda ndikupukuta misozi ndi mkono. Sanafunse kuti chavuta n'chiyani. Anatseka chitseko n'kundifunsa kuti, "Mng'ono wanga, dzuwa unaliona liti komaliza? Sindikunena la pawindo." Ndinayesa kuwerenga masiku, ndinalephera. Iwo anati, "Mawa sukugwira, eti? Ndikubwera 11 koloko. Usaphike, usasese. Ungovala zofunda n'kundidikira."

Ndinkayembekeza kuti aiwala. Itangokwana 11 belu linalira. Ndinawauza kuti kunja kukugwa mvula. Anati, "Ukadikira kuti ikate, udzatuluka mu Epulo. Tiye." Ndinkakhala kumwera kwa mzinda, kufupi ndi Queen's Park, koma chiyambire Okutobala ndinali ndisanapondemo. Tinayenda mphindi 10 kukafika pa dziwe la abakha, tinaima pang'ono, n'kubwerera. Sitinakambe zambiri. Mphuno inkandiwawa ndi mphepo, nsapato zanga za nsalu zinalowa madzi.

Ndisakunamizeni kuti ndinabwerako ndikusekerera. Ayi ndithu. Chimene chinachitika n'chaching'ono: nditalowa m'nyumba ndinamva njala yeniyeni, ya chakudya osati ya shuga, ndipo ndinakwecha poto uja n'kuphika. Madzulo ake ndinatsegula uthenga umodzi wa mwana wanga. Basi. Koma kwa munthu amene wakhala milungu isanu ndi umodzi mtima uli zii, zimenezo zinali zazikulu.

Polekana achemwali anandiuza zinthu ziwiri. Choyamba, tsiku lililonse lopuma nditulukeko kunja kusanade, ngakhale mphindi 10. Chachiwiri, ndiimbire dokotala wanga, amene kuno amati GP. Anachita kubwereza kuti, "Kuyenda n'kwabwino, koma usazembe dokotala. Pali matenda ena a m'magazi ndi a chithokomiro amene amafoola munthu chimodzimodzi. Akakuyeze."

Ndinapita mu Januwale 2023. Dokotala anandipatsa mafunso a papepala okhudza tulo, chakudya, mphamvu ndi maganizo, ndipo anandifunsa mosapita m'mbali ngati ndinaganizapo zodzipha. Ananditenga magazi. Kenako anandiuza kuti zimene ndikufotokoza zili ndi dzina: seasonal affective disorder, mwachidule SAD, matenda a maganizo amene amabwera ndi nyengo n'kuchepa masiku akatalika. Anati m'thupi muli ngati wotchi imene imatcheredwa ndi kuwala kolowa m'maso, makamaka m'mawa. Kuwala kukachepa, wotchiyo imasokonekera, thupi limatulutsa kwambiri melatonin amene amabweretsa tulo, ndipo madokotala amaganiza kuti serotonin, amene amakhudza chimwemwe ndi chilakolako cha chakudya, nayenso amatsika. Nditamva kuti kugona kwambiri ndi kulakalaka zotsekemera ndi zizindikiro zodziwika za matendawa, ndinapuma mpweya waukulu. Sunali ulesi. Panalibe amene anandilodza.

Magazi anaonetsa kuti vitamini D anali wotsika. Kuno kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa silikhala ndi mphamvu yoti khungu lipange vitamini ameneyu, ndiye a NHS, bungwe la boma loona zachipatala kuno, amalangiza aliyense kumwa mamaikulogalamu 10 patsiku m'miyezi imeneyo. Ife akhungu lakuda amati ndi bwino kumwa chaka chonse, chifukwa khungu lathu limafuna dzuwa lochuluka kuti lipange wokwanira. Dokotala sananene kuti vitamini ameneyu achotsa chisoni. Anati ndi wa mafupa ndi minofu, ndipo akachepa munthu amatha kutopa ndi kumva kuphwanya. Anandiuzanso za uphungu, za mankhwala ngati zinthu sizisintha, ndi za nyale yapadera yowala kwambiri imene ena amakhala patsogolo pake theka la ola m'mawa. Koma anatsindika zomwe achemwali ananena zija: thupi ligwedezeke, ndipo ngati n'kotheka ligwedezekere panja masana, chifukwa kuwala kwa panja, ngakhale kuli mitambo, kumaposa kutalitali kwa mababu a m'nyumba.

Pobwerera ndinasiya basi n'kuyenda wapansi, ndipo m'njiramo ndi mmene ndinazindikira chimene ndinataya. Kwathu mawu oti masewera olimbitsa thupi tinkawamva kusukulu, pa nthawi ya majowajowa. Panyumba palibe ankati ndikupita kukalimbitsa thupi. Moyo wokha unkatiyendetsa: kumjigo ndi ndowa pamutu, kuchigayo, kumunda ndi khasu, kumsika, kutchalitchi, kumaliro kumudzi wina. Ngakhale pamene ndinkakhala ku Lilongwe, kuchoka panyumba kukafika pasiteji ya minibasi unali mtunda ndithu, ndipo sungayende mtundawo osapereka moni kwa anthu asanu. Zonsezo pansi pa dzuwa. Ku Glasgow basi inkaima pakhomo, golosale inali pansi pa nyumba, madzi otentha pampopi. Kuntchito ndinkaimirira tsiku lonse, inde, ndinkanyamula anthu mpaka msana kuwawa, koma kumeneko n'kutopa, si kuyenda. Zinthu zitatu zinachoka pamodzi: mtunda, dzuwa ndi moni. Ine ndinkangowerengera kuti ndasowa ana okha.

Chovuta kwambiri pa matendawa n'chakuti amakulanda chilakolako chochita chinthu chimene chingakuthandize. Ukadikira kuti mtima ufune, sudzatuluka. Ine ndinaona kuti chilakolako chimandipeza ndili kale m'njira, cha pa mphindi ya 7 kapena 8, thupi likayamba kufunda. Choncho nkhondo yonse inali pakati pa bedi ndi chitseko. Ndinayamba kuyala zovala zoyendera pampando usiku, masokosi ali kale m'nsapato, makiyi m'thumba la jekete. Ndinadziikira lamulo loti ndikafike pa geti la paki basi, ndipo ndikafika n'kuona kuti sindingathe, ndibwerere popanda kudziimba mlandu. M'nyengo yonseyo ndinabwerera pa getipo kawiri kokha.

Mphindi 10 zinasanduka 20, kenako 40. Mu Queen's Park muli chitunda chimene pamwamba pake pali mtengo wa mbendera. Tsiku loyamba kuchikwera ndinaima kawiri, ndili wefuwefu, manja m'mawondo. Nditafika pamwamba mitambo inali itang'ambika pang'ono, mzinda wonse uli pansi panga, ndipo kumpoto kunkaoneka mapiri a Campsie, pamwamba pake pali mbee ndi chipale chofewa. Ndinali nditatha miyezi osaona chinthu chakutali. Maso anga ankangothera pa makoma, pa mabedi a odwala ndi pa foni. Mwana wa ku Dedza, wozolowera kudzuka n'kuona phiri, ndinaima pamenepo mpaka zala zinachita dzanzi.

Masiku a ntchito ndiwo ankafuna nzeru. Nthawi yopuma masana inali theka la ola. Ndinayamba kudya mofulumira mphindi 15, zotsalazo n'kuvala jekete n'kuzungulira panja pa nyumba ya okalambayo. Poyamba anzanga ankadabwa, kenako mtsikana wina wa ku Philippines anayamba kutuluka nane. Madzulo ndinkatsika basi masiteji awiri ndisanafike, m'msewu waukulu wokhala ndi magetsi ndi anthu. Mupaki usiku sindinkalowamo ndekha, ndipo sindingalangize mkazi mnzanga kutero. Ndikagwira shifiti ya usiku, chiyeso chinali kugona mpaka 4 koloko madzulo n'kudzuka kutada kale. Ndinayamba kutchera alamu pa 1:30 masana, kutuluka 2 koloko isanakwane, kuyenda theka la ola, n'kudzagonanso pang'ono ndisananyamuke. Zinkawawa, koma sabata imene ndinkatero inkasiyana kwambiri ndi imene ndalephera.

Za zovala ndinaphunzira movutikira. Jekete limodzi lalikulu silithandiza poyenda, chifukwa umatuluka thukuta mkati kenako n'kuzizidwa. Zabwino n'zopyapyala zingapo zosanjikiza, kuti ukafunda uvule chimodzi, ndipo pamwamba pake chosalowa madzi. Chipewa chophimba makutu, magolovesi, ndi nsapato zosalowa madzi zokhala ndi mapazi ogwira pansi. Zambiri ndinazipeza m'mashopu a kaunjika a kuno, aja a mabungwe othandiza anthu, pamtengo wochepa. Nsapato zokha ndinagula zatsopano, ndipo ndalama imeneyo sindidandaula nayo. Kumaso ndi milomo ndinkadzola Vaseline monga tinkachitira mu Juni kwathu.

Masiku ena panjira pamakhala madzi oundana osaoneka bwino, oterera ngati therere. Tsiku lotero kutuluka n'kufuna kuthyoka mwendo. Ndinkakwera ndi kutsika masitepe a nyumba yathu, yomwe ndi ya nsanjika zinayi, maulendo asanu kapena asanu ndi limodzi. Kapena ndinkatsegula makatani onse, kumanga chitenje m'chiuno, kuika nyimbo za kwathu n'kuvina chimtali ndekha m'khitchini, nditavula nsapato kuti ndisasokoneze apansi. Tsiku lina ndinaimika foni pashelefu n'kuimbira ana pa WhatsApp. Malawi amakhala patsogolo ndi maola awiri nyengo imeneyi, ndiye iwo anali ataweruka kale kusukulu. Tinavina limodzi, iwo pabwalo la agogo awo, ine pakati pa chitofu ndi firiji. Ndinamva amayi akulira nthungululu chapatali. Chiyambire Novembala, limenelo linali tsiku loyamba kuseka mpaka m'mimba kuwawa.

Amayi ndinawauza zonse usiku womwewo. Ndinkaopa kuti adandaula kapena anena kuti ndibwerere. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Mwana wanga, ngakhale nkhuku ukaitsekera m'chipinda cha mdima imasiya kuikira. Iwe ndiwe munthu. Uzituluka." Amayi sanapite patali ndi sukulu, koma anamva msanga kuposa mmene ine ndinamvera.

Mu Febuluwale achemwali anandionetsa pulogalamu ya pafoni ya NHS yotchedwa Couch to 5K. Ndi yaulere, ya milungu 9, katatu pa sabata, ndipo anaikonzera munthu amene sanathamangepo. Sabata yoyamba umayenda ndawala mphindi 5, kenako kuthamanga sekondi 60 n'kuyenda sekondi 90, kubwerezabwereza kwa mphindi 20. Mawu a m'makutu amakuuza poyambira ndi polekera. Ine ndinali ndi zaka 36 ndipo ndinasiya kuthamanga nditasiya netibolo ku sekondale. Ndinkachitanso manyazi, chifukwa kwathu mayi wa ana awiri akamathamanga m'msewu anthu amafunsa chimene chagwa. Kuno palibe amene anatembenuka. Agogo a imvi ankandipitirira, ena n'kugwedeza mutu kupereka moni.

Sabata yachisanu imathera pa kuthamanga mphindi 20 osaima. Ndinalephera kawiri, ndinabwereza sabata yonseyo, ulendo wachitatu ndinakwanitsa. Milungu 9 ija kwa ine inakhala 12. Palibe chinaonongeka.

Kuthamanga kunandipatsa china chimene kuyenda sikunkandipatsa kwenikweni. Maganizo anga ankazungulira malo amodzi ngati mbuzi ya pachingwe: ngongole, fizi, visa, ana akukula ine kulibe, ngongole. Ukamathamanga mpweya ukuchepa, mutu sukhala ndi malo a zonsezo. Umangowerenga mapazi ndi kuyang'ana mtengo wakutsogolo. Ukamaliza, kwa maola awiri kapena atatu mumtima mumakhala bata, ndipo usiku tulo timabwera tabwino, ta maola 8, todzuka nato wamphamvu. A NHS amalangiza munthu wamkulu mphindi 150 pa sabata za ntchito yofulumizitsa mtima pang'ono, monga kuyenda ndawala, kuphatikizapo masiku awiri a zolimbitsa minofu. Nditamva koyamba chiwerengerocho chinandiopsa. Nditachigawa ndinapeza kuti ndi theka la ola masiku asanu, mtunda umene kwathu tinkayenda popita kuchigayo kokha.

Kumapeto kwa Epulo ndinapita ku parkrun ya ku Pollok Country Park. Parkrun ndi makilomita 5 Loweruka lililonse m'mawa, yaulere, yoyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka. Inayambira ku Bushy Park ku London mu 2004, ndipo ku Scotland imayamba 9:30. Umalembetsa kamodzi pa intaneti. Chimene chinandilimbitsa mtima n'chakuti pamakhala munthu woikidwa dala kuti aziyenda pambuyo pa onse, ndiye sungakhale womaliza, ndipo oyenda wapansi amalandiridwa chimodzimodzi. Mupakimo amaweta ng'ombe za ku Highlands, zaubweya wautali wophimba maso ndi nyanga zotambalala. Ndinazijambula n'kutumizira mwana wanga wamwamuna, ndipo anakana kuti si ng'ombe. Pomaliza mayi wina wachizungu amene tinathamanga moyandikana anandifunsa kumene ndimachokera. Nditati Malawi nkhope yake inawala, n'kundiuza kuti kwawo ndi ku Blantyre, tawuni yaing'ono ya m'mbali mwa mtsinje wa Clyde kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, imene Blantyre wathu anatengerako dzina. Tinamwa tiyi limodzi. Moni uja ndinautaya unayamba kubwerera.

Pofika nthawi imeneyo masiku anali atatalika kale, ndiye wina angati si kuthamanga kumene kunandichiritsa koma dzuwa. Funso limenelo ndinadzifunsanso. Yankho ndinalipeza nyengo yozizira yachiwiri. Sindinadikire kuti ndigwe kaye. Ndinayamba mu Seputembala kusunga masiku anga atatu othamanga ndi kuyenda kwa masana, vitamini D ndikumwa. Novembala ndi Disembala zinadutsa ndili wolemererako pang'ono, koma ndikuphika, ndikuyankha foni, ndikuimba kwaya. Mu Januwale 2024 ndinadwala chimfine chachikulu, ndinagona sabata yathunthu, ndipo nditachira sindinabwerere panja. Sabata yachiwiri inatha, yachitatu inayamba. Mabisiketi anabwerera, makatani anasiya kutsegulidwa. Tsiku limene ndinaona foni ya ana ikulira ine n'kungoiyang'ana, ndinazindikira msanga mlendo amene wafika. Sindinayese kuyambira pa makilomita 5. Ndinabwerera pa mphindi 10 zija, pa dziwe la abakha. Patatha masiku khumi ndinali nditayamba kupepukidwa, mdima wa panja uli chimodzimodzi.

Pali zimene kuyenda sikunachite. Sikunabweze ngongole, sikunandibweretsere ana, ndipo pa Khirisimasi ndimalirabe. Komanso si aliyense amene miyendo yokha ingamukwanire. Mnzanga wina wa kutchalitchi anayesa zonsezi mokhulupirika, koma anadzuka pokhapokha atayamba mankhwala a dokotala ndi uphungu. Tsopano timayenda limodzi Lachitatu, iye akumwabe mankhwala ake, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Chimandipweteka ndikamva ife tomwe tikuuzana kuti "ungopemphera" kapena "ungolimba mtima" kwa munthu amene akulephera ngakhale kusamba. Ine ndimapemphera, ndipo mapemphero anga ambiri masiku ano ndimawanena ndikuyenda. Koma amene anandithandiza sanandiuze kuti ndilimbe mtima. Anabwera pakhomo 11 koloko, mvula ikugwa, n'kuima mpaka nditavala.

Ngati muli kuno ku Britain ndipo maganizo afika poti kuli bwino kungochoka padziko, musadikire tsiku lopuma kuti mukayende. Imbani 116 123, nambala ya Samaritans, bungwe lomvetsera anthu osweka mtima, yaulere usana ndi usiku, kapena 111 ya NHS, ndipo ngati moyo uli pangozi nthawi yomweyo, 999. Uzaninso munthu mmodzi wa kwanu, m'chinenero chanu. Ngati muli ndi vuto la mtima, la kuthamanga kwa magazi kapena la mphumu, funsani dokotala musanayambe kuthamanga, makamaka mu mpweya wozizira, koma kuyenda pang'onopang'ono ambiri amakutha. Ndipo inu amene muli kwathu, wachibale wanu wa kunja akayamba kusowa pafoni kuyambira Novembala, musafulumire kunena kuti wayamba kunyada. Mufunseni ngati watulukako panja lero.

Amayi ndiye anatengera funso limenelo. Chiyambire tsiku la chimtali lija, nyengo yozizira ikafika, tikangopatsana moni amayamba ndi lomwelo. Dzulo anaimba ndili pa chitunda chija, ikuyandikira 3 koloko, mvula ikuwaza cham'mbali ndipo magetsi a m'misewu atayamba kale kuyaka kumunsi. Anati, "Lero watuluka?" Ndinatembenuza foni kuti aone okha. Anayang'ana kanthawi, kenako anati chipewa chakwera, nditsitse chiphimbe makutu.